Azakhali amumana madzi Tadala

Moni nonse.

Mwana wanga Tadala akutsegula m'mimba kuyambira dzulo. M'mawa ndinamusiya kwa azakhali ku Iminyela pamodzi ndi botolo la madzi a shuga ndi mchere, ine n'kuthamangira kumsika.

Pobwera masana ndapeza botolo likadali lodzaza. Akuti madzi amawonjezera kutsegula, vuto ndi liwombo basi. Amupaka mwaye wosakaniza ndi mafuta pamutu, ati ndi mmene agogo ankachitira atangofika kuno kuchokera ku Nyasalande.

Mwanayo amalira popanda msozi ndi umodzi womwe, milomo itauma gwa.

Panopa tili kukiliniki, wayamba kuyamwa, koma anesi akalipira ine.

Amalume, azakhaliwo mukawauza ndinu kapena ndipite ndekha? Ndikapita ine, ulemu ndikausiya pageti.