Madzi Si Katundu

Ntchito yanga ndi ya mafizo, yothandiza ovulala kuwongola ziwalo, pa kachipatala kena m'tauni ya Chipata. Ambiri obwera kwa ine ndi okalamba ofa ziwalo ndi anyamata a njinga amene mawondo anawathera pamsewu. Othamanga ndi osowa, n'chifukwa chake mtsikana wa ku Madzimoyo uja sindimuiwala.

Anabwera ndi mayi ake, akutsimphina koma akuyesa kubisa. Ankafuna kulowa usilikali. Kumeneko amayamba ndi kukuthamangitsani, wotsalira m'mbuyo amabwezedwa kwawo. Kwa iye chaka chimenecho chinali chomaliza, chifukwa msinkhu wolembera unali ukumuthera. Tsono ankadzuka m'mamawa uliwonse n'kuthamanga pa tala, mtunda umene sanauzolowere, mpaka msongolo wakumanzere unayamba kuwawa.

Ndinamutengera kuseri kwa chipatala, pamene timayanika nsalu, ndi kumuuza kuti athamange pang'ono uku ndikumujambula pa foni. Titaonera pang'onopang'ono, vuto linali poyera. Ankaponya mwendo kutali ngati akulumpha ngalande, chidendene n'kumenya pansi bondo lili chiwongokere, chiuno n'kupendekera mbali imodzi. Nditadina fupa ndi chala, anandigwira dzanja mwamphamvu. Kudumpha ndi mwendo umodzi kunamukanika.

Ndinawafotokozera kuti fupa layamba mng'alu waung'ono chifukwa cholemedwa tsiku ndi tsiku, ndipo likapatsidwa mpata limadzilumikiza lokha. Nthawi inalipo, ngakhale yochepa. Kathamangidwe tikanakonza pambuyo pake.

"Amayi, mwanayu asathamange mpaka nditanena ine. Asanyamulenso katundu, ngakhale pang'ono."

"Tamva, asisita. Katundu ayi."

Mtsikanayo anaseka n'kunena kuti ndikufuna kumusandutsa mlendo pakhomo pa mayi ake. Ndinamuuza kuti mlendo ameneyo ndiye adzavale yunifomu. Anapita ali ndi chimwemwe, inenso mtima unali m'malo.

Mwezi usanathe mayi ake anabwera naye atamukweza pa njinga, mwendo utatupa ngati mtsuko. Ekisire inaonetsa kuti fupa lathyokeratu. Ndinapsa mtima, ndipo sindinabise.

"Iwe, unathamanga?"

"Ayi, asisita. Ndikulumbira."

"Nanga unanyamula chiyani?"

Mayi ake ndiwo anayankha, modekha, ngati munthu amene akudziwa kuti sanalakwe. "Palibe. Matumba a nshawa tinamuletsa. Nkhuni tinamuletsa. Iye ntchito yake inali madzi basi."

"Madzi?"

"Ee, kutunga. Kodi madzi ndi katundu?"

Mjigo wa m'mudzi mwawo unali utafa, ndipo mtsikanayo ankatunga kudambo, kutsika chitunda ndi kukweranso, chigubu chodzaza chili pamutu, m'mawa ndi madzulo. Tsiku lovulalalo anaponda mwala pokwera, ndipo anamva fupa likulira. Kwathu kuno katundu ndi wa paulendo, wa kumsika, wa kumunda. Madzi mwana wamkazi amayamba kusenza asanadziwe kuwerenga, ndipo palibe amene amawayesa mtolo. Ngakhale mtsikanayo, amene anamaliza sukulu bwinobwino, sanaganizeko kawiri.

Ndinafuna kukalipa, koma ndikalipire ndani? Mayiwo anali ndi msana wopindika kale, bambo wa pakhomopo anamwalira, ana otsalawo anali aang'ono. Zinandiwawa kwambiri, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Anamuika chikhakha. Tsiku loyesa othamanga linamupeza ali pa mphasa. Anzake awiri a m'mudzi momwemo anatengedwa, ndipo anadzamutsanzika asanakwere basi. Zimenezi anandiuza yekha atabwera kudzaphunzira kuyenda ndi ndodo, akuyang'ana pansi. Sanalire. Anangondipempha kuti ndifufute kanema uja wa pa foni, ndipo ndinafufuta iye akuona.

Atachotsa chikhakha, mwendo unali utaonda ngati wa mwana. Ndinayamba kumuphunzitsa kuponda, kukwera sitepe, kuima ndi mwendo umodzi. Ankachita zonse mosatsutsa, koma nthabwala zija zinali zitatha. Za kathamangidwe sitinakambenso.

Tsiku lomaliza mayi ake anandithokoza, atagwada pakhomo pa chipinda, manja ali pamodzi. Kenaka anafunsa motsitsa mawu, mwamanyazi.

"Pepani asisita, musandione ngati woipa. Nanga kudambo angayambe liti?"

Mtsikanayo anayankha ine ndisanatsegule pakamwa.

"Mawa, amayi. Ndilibenso kwina kopita."