Mafuta Pamilomo

Lero nditatsegula kabotolo ka mafuta odzola, fungo lake landikumbutsa holo ya tchalitchi chathu ku Chiparamba. Ndinali giredi faifi, ndipo kanali koyamba kuliza chitoliro pamaso pa anthu. Inali nyimbo yachizungu yakalekale, yomwe ndinaiphunzira temu yonse. Poti kunkazizira, amayi anandidzoza mafutawo nkhope yonse, mpaka milomo.

Aphunzitsi atayamba kuliza piyano, chitoliro chinangoterereka pachibwano panga, osalira. Misozi inalengeza, ndipo ndinafuna kuthawa. Iwo anabwereza chiyambi cha nyimboyo ndi dzanja lamanja, lamanzere likundipatsira kampango kawo.

"Pukuta, mwanawe," ananong'ona. "Palibe akukuthamangitsa."

Ndinapukuta, n'kuuziranso. Liwu linatuluka likunjenjemera, ndipo aphunzitsi anachepetsa liwiro kuti tiyendere limodzi.