Mkamwini Akadwala

Chifuwa cha amuna anga chinkayamba chimanga chikauma, mphepo yozizira ikamatsika m'phiri. Chinkawagwira mpaka mvula yoyamba, n'kuwasiya, chaka chinacho n'kubweranso.

Iwo anali mkamwini m'mudzi mwathu. Kwawo kunali cha ku Mayani. Chaka choyamba amalume, eni mbumba yathu, anapereka nkhuku ya chipondamthengo kwa asing'anga osadandaula. Asing'angawo anati malipiro enieni ndi mbuzi, tidzapereke wodwala akachira. Koma wodwala sankachira, ankangopezako bwino, ndipo ulendo uliwonse wokakumba mizu unkafuna nkhuku ina. Nkhuku zanga zinatha. Msonkho wa nyumba nawo unkatipweteka, poti amuna anga analibe mphamvu zokagwira ntchito kwa azungu kuti atichotsereko.

Kenaka amalume anatopa. Anati matenda a mkamwini ndi a abale ake, natuma ankhoswe. Ankhoswewo anabwerako ndi mawu akuti munthuyo mphamvu zake zinathera m'munda mwathu, ndiye tiwachize ndife. Ngati zatikanika, tiwanyamule tikawatule kwawo. Ndinkadziwa kuti akapita sadzabweranso, ndipo mwana wathu, amene anali akadali kumbuyo, adzakula osawadziwa.

Ine pamaso pa amalume sindinkayankhula. Ngakhale madzi ndinkawapatsa nditayang'ana pansi. Tsiku lokambirana ndinapeza anyamata atadula kale mtengo wa machila, ali kuusadza pabwalo. Ndinagwada kumbuyo kwa amayi. Akuluakulu anagwirizana zonyamuka m'mawa mwake, ndipo palibe anandifunsa.

"Amalume," ndinatero, "chimanga chimene chili m'nkhokwe yanu chija analima ndi amuna angawa."

Amayi ananditsina pantchafu. Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaseka.

"Kani iwe uli ndi pakamwa? Akhale, amuna akowo. Koma nkhuku yanga isatulukenso m'khola."

Sinatulukedi. Kumishoni, kumene ndinaphunzirako pang'ono kuwerenga ndili mtsikana, ankapereka mankhwala a m'botolo kwa munthu wobweretsa mazira kapena wogwira ntchito. Mazira ndinalibe. Ndinayamba kusenza dothi la njerwa, mwana ali kumbuyo. Amalume, amene anali akuluakulu a kudambwe, sankakonda za kumishoni, koma akandiona ndikutsika ndi botolo ankangoyang'ana kumbali.

Mankhwalawo sanachize chifuwacho. Ankangochifewetsa kuti munthu agoneko tulo. Botolo likatha ndinkapitanso kudothi, khosi likuwawa.

Mtengo wa machila uja unakhala pabwalo mpaka amuna anga atapezako bwino. Anautola okha n'kuchirikizira khonde lathu, limene linali litayamba kugwa. Pansi pa khondelo m'pamene ankakhala nthawi yozizira, akusoka mphasa zoti ndikasinthitse ndi mazira. Mwana anaphunzira kuimirira atagwira mtengo womwewo, bambo ake akutsokomola pambali pake.