Masamba pa Msewu wa Amayi

Amayi anabwera ku Perth kudzandithandiza chikuta, ndipo tikiti yawo inali ya miyezi itatu. Khanda lisanayambe n'komwe kukhala, mliri unagwa, malire anatsekedwa, miyezi itatu ija n'kusanduka zaka ziwiri. Abambo anatsala okha ku Dedza ndi mbuzi zawo.

Ine ndinkagwira ntchito ya unamwino pachipatala cha ku Murdoch, mwamuna wanga kumsika wa zipatso ku Canning Vale. Tinkalawira m'mawa n'kubwerako titatheratu. Mwana wathu wamkulu Chichewa ankamva, koma agogo ake ankawayankha m'Chingerezi cha m'mphuno, iwo n'kumangoti "eya, eya" osatolapo kanthu. Tsiku lina anatenga utoto wa mdzukulu wawoyo n'kuyamba kupaka pa makatoni a mapeyala amene mwamuna wanga ankabwera nawo. Ine ndi pakamwa pangapa sindinachedwe.

"Amayi, mwayamba sukulu ya mkaka ndi imvi zomwe?"

Anangoseka n'kupitiriza. Zojambula zawo zinali zachilendo: nyumba yopanda zenera, mayi wofulatira ataima yekha m'munda, mpando wopanda munthu pansi pa mtengo. Ndinkazimata pafiriji ngati za ana, osafunsa n'kamodzi komwe kuti mayi wofulatirayo ndani.

M'mawa wina, ndikuimika galimoto kuntchito, mchimwene wanga anaimba foni. Abambo anali atatisiya. Ndisanalire n'komwe, amalume analanda foniyo.

"Mayi ako ali ndi BP. Mwana sauza kholo lake maliro. Uwauze kuti matenda akula, mpaka akuluakulu a mpingo abwere adzawakhazike pansi."

Ndi mmene timachitira kwathu, ndipo ndinavomera msangamsanga. Kunena zoona, ndinavomera chifukwa cha mantha, osati ulemu. Vuto linali lakuti sabata imeneyo mzinda wonse unali utatsekedwa, kuyenderana kunali koletsedwa, choncho akuluakuluwo sakanabwera. Kumudzi nakonso sankagoneka maliro chifukwa cha mliri. Mawa lake anawaika abambo. Ndinaonera pafoni ndili m'galimoto, kenako ndinapukuta maso, kuvala masiki, n'kukalowa muwodi.

"Abambo ako adzuka bwanji?" amayi ankafunsa ndikangolowa pakhomo.

"Akadali kuchipatala, Amayi. Foni sakuwalola."

Tsiku lachitatu anasiya kufunsa. Ndimachita manyazi mpaka lero kunena kuti mtima wanga unakhala pansi.

Patapita masiku asanu ndi limodzi, pa nthawi ya tiyi, ndinaonetsa namwino mnzanga chojambula chatsopano cha amayi pafoni, pofuna kungopeza nkhani ina yosakhudza imfa. Mnzangayo ndi wa konkuno, ndipo anaphunzirapo zojambulajambula asanalowe unamwino. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anati chikumukumbutsa akatswiri ena akale a ku Ulaya amene sankajambula zimene diso likuona, koma zimene munthu wasenza mumtima ali yekha, moti kanthu kalikonse pachithunzi kamaimira china chake. Kenako analoza ndi chala.

"Nanga masamba awa ali pamsewuwa akuimira chiyani?"

Ndinakulitsa chithunzicho. Unali msewu wafumbi wofiira wopita kunyumba kwathu, ndipo masamba obiriwira anali atayalidwa modutsa msewuwo, mzere wina kuno, wina uko. Kwathu pakagwa maliro timayala masamba choncho, kuti wapanjinga atsike, wagalimoto achepetse liwiro. Mwana aliyense wa ku Dedza amadziwa zimenezo. Chojambulacho chinali chitakhala pafiriji masiku anayi, ndipo amene anachimata ndi manja ake ndine.

Sindinadikirenso akuluakulu. Ndinapempha kuweruka msanga. Amayi ndinawapeza kuseri kwa nyumba akutsuka timaburashi m'chitini, khanda lili kumbuyo. Ndinagwada pasimenti yotentha.

"Amayi, abambo anatisiya."

Anamasula khanda pang'onopang'ono n'kundipatsa. Kenako anakhala pansi, anatambasula miyendo, n'kuyamba kulira mokweza, kulira kumene anakusunga sabata yathunthu. Aneba anasuzumira pampanda, ine osasamala.

Atatonthola ndinawafunsa kuti anadziwa bwanji.

"Tsiku lomwelo unandipatsa madzi ndi manja awiri, utagwada. Iwe unasiya liti kugwada?" Anapukuta mphuno ndi chitenje. "Koma munthu salira maliro amene sanauzidwe. Ndimadikira iwe."

Ndinayesa kukankhira mlandu kwa amalume, BP, malamulo a boma. Sanandidzudzule, ndipo bola akanatero. Anangofuna kudziwa ngati abambo anawaveka jekete yawo yakuda ya kutchalitchi. Ndinati eya, ndinaiona.

"Unaiona?"

"Anandionetsa pafoni, Amayi. Mwambo wonse."

Ndinazindikira pamenepo chimene ndinawalanda: mwamuna amene anakhala naye moyo wawo wonse analowa m'manda ine ndikuona, iwo akuchapa matewera.

"Unaonera ndi ndani?"

"Ndekha, m'galimoto."

"Mwana wanga," anatero, akuyang'ana madzi obiriwira m'chitini muja, "inenso ndinali ndekha. Tikanangokhala limodzi."

Malire atatsegulidwa anabwerera kwawo, ndipo makatoni onse ananyamula kupatula limodzi. La masambalo anandisiyira dala. Likadali pafiriji, ndipo alendo akamafunsa kuti anajambula ndi mwana uti, ndimayankha kuti ndi amayi anga.