Anagula Nyumba, Anatenga Mango

Ku Chinzombo munthu akafunsa kwa Amake Purity, sankamulozera nyumba. Ankamulozera mitengo. "Pitani pomwe pali mango aatali aja, m'mphepete mwa madzi."

Dzina lawo ndi Tabeth. Anakwatiwa ali mtsikana ndi a Hosea, msodzi, ndipo malo amene anapatsidwa anali oti palibe ankawafuna: pagombe penipeni pa Luangwa, pomwe udzudzu umaluma ngakhale masana, madzi akasefukira amafika pakhomo, njovu nazo zimadutsa ngati ndi pamsewu wawo. Achibale akumtunda ankawaseka kuti akwatiwa kwa mvuu.

Mangowo anabzala okha. Njere anabwera nazo kuchokera kwawo ku Nsefu atazimanga pansalu. Anathirira ndi ndowa ali ndi pakati pa Purity, natchinga ndi minga kuopa mbuzi. Mitengo itayamba kubala, nkhondo inakhala ya njovu. Chaka chilichonse mango akayamba kununkhira, Amake Purity ankaumba ndowe za njovu zosakaniza ndi tsabola, kuziyanika, madzulo n'kuzifukiza pansi pa mitengo. Maso ankafiira, chifuwa osatha, mkono kuchita dzanzi ndi kumenya chitini choopsezera njovuzo. A Hosea ankanyadira pa anzawo kuti, "Mkazi wanga njovu zimamudziwa ndi mawu." Mango amenewo ankawagulitsa m'mbali mwa msewu, ndipo ndi amene anaphunzitsa Purity.

A Hosea atamwalira, mawondo a Amake Purity anayamba kukana, mtsinje nawo unali kudya gombe chaka ndi chaka. Koma nthawi yomweyo malo a m'mphepete mwa madzi anasanduka golide. Kunkabwera amuna a magalimoto, kuima manja ali m'thumba, kuyang'ana kutsidya. Oyandikana nawo anagulitsa mmodzimmodzi, pamalo pawo n'kumera maloji a alendo odzaona nyama.

Kwa iwo kunafika a Tonny, bambo wa ku Chipata wolankhula mofatsa. "Amayi, nyumbayi simungandigulitse?" Anagogoda makoma, anayamikira malata, anatsegula ndi kutseka chitseko. Purity, amene ankagwira ntchito m'sitolo ku Mambwe, anati, "Amama, bwerani kuno mtsinje usanakumezeni." Anavomera.

Za mitengo a Tonny sananene kanthu, Amake Purity nawo sananene. Akananena chiyani? Kuchigwa kuno ngakhale mwana amadziwa kuti mtengo ndi wa amene anaubzala. Mudzi ukasamuka, anthu amabwerera kubwinja kukathyola mango awo, ngakhale wina atalima chimanga pamenepo, ndipo palibe amafunsa. Nyumba ndi nyumba, mtengo ndi mtengo.

Novembala atafika Amake Purity anakwera minibasi kuchokera ku Mambwe ndi madengu awo ndi ngowe. Atatsika n'kulowa kanjira kawo kakale, anaima. Nyumba panalibe, ngakhale njerwa imodzi. Panali khonde lalitali la matabwa la loji yatsopano, mipando itandandalikidwa kuyang'ana kumitengo. Pansi pa mitengopo panali mango owola, nthambi zokhadzuka, ndi ndowe za njovu zatsopano.

Pamthunzi panadzuka mlonda wovala yunifomu. Anali Silas, mng'ono wa a Hosea, amene Amake Purity anamulera pakhomo pomwepo.

"Mwaswera bwanji, alamu? Mwaganiza bwino tsopano, mwabwera kudzakwatiwa ndi ine?"

"Ndikwatiwe ndi mlonda wogona masana? Gwira dengu ili."

Silas sanaligwire. Anayang'ana kukhonde, kenako pansi. "Alamu, musathyole. Abwana akuti mangowa ndi a njovu."

Amake Purity anaseka, poganiza kuti chipongwe cha chilamu chikupitirira. Silas sanaseke. Anafotokoza kuti alendo amalipira kuti akhale pamipando ija madzulo, azijambula njovu zikudya. Ngakhale mango akugwa okha palibe wololedwa kutola. Ana a m'mudzi akabwera, ntchito yake ndi kuwathamangitsa.

"Iwe Silas, amene unkandigwirira chitini ndikafooka mkono?"

"Ndi ntchito, alamu."

A Tonny anatuluka akumwetulira. "Amayi, mwatiyendera. Muli bwanji?"

"Ndabwera kudzathyola mango anga."

"Koma paja munagulitsa."

"Ndinagulitsa nyumba. Ili kuti?"

"Ndinagumula. Inali yanga."

"Inali yanu ndithu, ngakhale mukanaidya. Koma pamitengo iyi, munabzala uti?"

A Tonny anapukusa mutu ngati akulankhula ndi wodwala. "Zimenezo ndi zakale, amayi. Munthu akagula malo amagula ndi zonse zili pamenepo. Koma musabwerere chimanjamanja. Silas, thamangira kumsika ukawagulire amayiwa mango."

Mawu amenewo ndi amene anawatentha kuposa onse. Kuwagulira mango iwo, ataima pansi pa mitengo yawo. Pamenepo anakumbukira tsiku lija a Tonny ankagogoda makoma: dzanja linali pakhoma, koma maso anali kumwamba, kunthambi. Munthuyo nyumba sanaifune n'komwe. Anadziwa chimene ankafuna, anadziwanso kuti akachitchula dzina adzakanizidwa, ndiye anafunsa china.

Amake Purity anagona kwa Delia, mnzawo wa kutchalitchi. Madzulo amenewo anayenda khomo ndi khomo kwa anthu amene anawaona akuthirira mitengoyo. Aliyense anavomera. "Ndi yanu, Amake Purity, ndani sadziwa?" Koma atati tiyeni mukanene zimenezo pamaso pa a Tonny, wina anati mwana wake amaphika kulojiko, wina anati amagulitsako tomato. Delia yemweyo amachapa zofunda za alendo. Anangoti, "Zisiyeni m'manja mwa Mulungu, anzanga."

"Mulungu sanathirire," anatero Amake Purity. "Ndibwereke nkhwangwa."

Mawa lake anapita dzuwa lili paliwombo, alendo atagona ndi kutentha. Sanabisale. Anayamba ndi mtengo waukulu, wa mango opanda ulusi. Mphamvu zougwetsa analibe, ndipo sanafunenso kutero. Anatema khungwa kuzungulira tsinde lonse, n'kulisenda mpaka thupi loyera la mtengo litaonekera, utomoni ukutsika. Mtengo wosendedwa chotero sugwa lero. Umauma pang'onopang'ono uli chiimire, ndipo palibe mankhwala ake.

Silas anafika akuthamanga iwo ali pamtengo wachiwiri. Anatambasula dzanja kuti agwire mpini, koma analibweza. Mlamu amene anakusambitsa sumulanda nkhwangwa.

"Alamu, mundichotsetsa ntchito."

"Pita ukawaitane. Ukawauze kuti mwini wake wabwera."

A Tonny anabwera alibe nsapato, kumwetulira kuja kutatha. Anatchula apolisi, anatchula khoti, anawatcha mfiti. Anthu anayamba kusonkhana kumsewu, ndipo pamaso pa anthuwo sanayerekeze kugwira mayi wamasiye. Amake Purity anapitiriza kusenda mpaka anamaliza mtengo umenewo. Kenako anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Aitaneni apolisiwo. Akandifunsa, ndidzati ndapha mitengo yanga. Inu mudzati ndapha ya ndani? Mudzatchule amene anakuonani mukubzala."

Anapita pa womaliza, wamng'ono pa yonse, umene anabzala chaka chimene a Hosea anadwala. Pamenepo nkhwangwa inaphonya kawiri. Anaima, anapuma, naumaliza.

Apolisi anabweradi, anawasunga mpaka madzulo, nawamasula Purity atafika. Mlandu unayenda pang'ono n'kuzirala, poti mboni zimene zinakana kuwaikira kumbuyo zinakananso kuwatsutsa. Mvula yotsatira mitengo inayoyola masamba osaphukanso. A Tonny anaitanitsa mbande zina, koma mango sabala chifukwa choti munthu ali ndi changu.

Lero Amake Purity amakhala ku Mambwe, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba imene Purity amachita lendi. Kuli kadothi kabwino kumeneko, koma sanabzalepo kanthu. Silas anachotsedwa ntchito sabata lomwe lija. Akakumana pamaliro amawapatsa moni wa mlendo, wopanda nthabwala, ndipo iwo amayankha chimodzimodzi.