Madzi a Tsiku la Maliro

Kusikimu yathu ya mpunga, kuno kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, munthu sitimudziwira pa mapemphero. Timamudziwira pa madzi. Alipo madoda amene Lachisanu kapena Lamulungu amakhala kutsogolo, koma mpunga ukangoyamba kufota, muwaone akukankhira thumba la mchenga m'ngalande, nkhope ili gwa ngati akukonza pogumuka. Ine ndalima kuno kuyambira ndili mtsikana, ndiye ndimawadziwa ndi mayina omwe.

Mayi Asha, amene tonse timawatchula kuti Abiti Alli, tinawasankha kusunga kiyi wa geti ya madzi chifukwa amuna onse amene anamusungapo anapezeka kuti ali ndi azilamu ambiri. Ndi mayi wamfupi, woyenda mothamanga, wosadziwa kunyengerera. Akamakupatsa moni maso amakhala pamunda wako. Amuna awo a Kassimu, amene amagula matemba ku Kachulu n'kumakagulitsa ku Zomba, amanena okha kuti ngakhale kunyumba sangamwe tiyi nthawi yake isanakwane.

Dongosolo la madzi ndi losavuta. Ngalande ndi imodzi, ndipo mabuloko, kapena kuti zigawo za minda, amalandira mosinthana, lero awa, mawa awo. Ife a kumtunda, pamodzi ndi Abiti Alli, tili pafupi ndi geti. A kumunsi ali kumapeto, kumene madzi amafika atatopa, ndipo onsewo ndi a mudzi umodzi. Lamulo limati eni buloko akapanda kubwera kudzatsegulira minda yawo pa tsiku lawo, madziwo asatayike, apatsidwe buloko yotsatira. Tinaliika chifukwa cha alesi ndi zidakwa, ndipo palibe amene analitsutsa.

Chaka cha ng'amba chija mvula inadula mpunga ukutulutsa ngala. Nthawi imeneyo mpunga sudikira. Ukasowa madzi, ngala zimatuluka zoyera mbuu, zopanda kanthu mkati. Minda ya kumunsi inali itachita kale ming'alu yolowa dzanja, ndipo aliyense ankadziwa kuti akaphonya ulendo umodzi wokha, kumeneko sikukololedwa kanthu. Tsiku lawo lili mawa, uthenga unafika woti mayi Alice, akazi a bambo Mateyu a kumunsi komweko, atisiya.

Alice ndi Abiti Alli anali pa chinzake cha zaka zambiri. Ankabwerekana mbewu, kuchigayo ankapitira limodzi. Alice akafuna kupha nkhuku ankatumiza uthenga kwa a Kassimu kuti adzaizinge mwachisilamu, cholinga mnzakeyo adye nawo.

Tsono kuno maliro akagwa pamudzi, khasu loyenda ndi la adzukulu okumba manda lokha. M'minda ya mudzi umenewo simulowa munthu mpaka anthu atabwerako kumanda. Wopezekamo amalipa nkhuku, koma nkhukuyo ndi nkhani yaing'ono. Choopsa n'choti anthu amakusungira mumtima, n'kumadikira tsiku limene zovuta zidzagwe pakhomo pako. Ife a mudzi wina mwambowo sutimanga m'minda yathu. Timatsegula madzi m'mawa, n'kusamba, kupita kukapepesa. Ndipo buloko yotsatira inali yathu.

M'mawa mwake tinasonkhana pa geti ndi makasu athu. A Lloyd, tcheyamani wa komiti, si munthu woipa, koma nawonso mpunga wawo unali utapinda masamba.

"Abiti Alli, zovutazi mwamva," anatero a Lloyd. "Anzathuwa lero sabwera. Lamulo mukulidziwa, tembenuzirani madziwo kuno."

"Ndamva, a tcheya. Koma lamulolo tinaikira anthu ogona kumowa, osati olira."

"Ilo silinena zimenezo. Ndiye madzi angodutsa kukagwera m'dambo? Minda yawoyo atsegule ndani?"

"Nditsegula ine."

"Inuyo? Osapita kumaliro a anzanu? Nanga mpunga wanu mwauona mmene ulili?"

"Ndauona," anayankha Abiti Alli. "Lero si tsiku lake."

Anamasula kiyi pansonga ya chitenje, n'kupotokola geti, madzi n'kulunjika kumunsi. Ine ndinapsa mtima, sindibisa. Madzi akamadutsa pafupi ndi munda wako wofota amalira mokweza kuposa masiku onse.

Ntchito imene anaisenza si ya munthu mmodzi. Munda uliwonse uli ndi kakhoma ka dothi kozungulira. Umagumula pang'ono ndi khasu, kudikira madzi afalikire, kumata ndi matope, kupita pa wina. Abiti Alli anayenda choncho munda ndi munda, uku akuzula matumba amene anthu ena a kwathu anaiwalira m'ngalande mwadala. Nyimbo za maliro zinkamveka bwinobwino kuchokera kumudzi, chifukwa kuno n'kwa chigwa, mawu sasowa podutsa.

Njira ya kumanda imadutsa m'mphepete mwa minda ya kumunsiyo. Ine ndinali m'gulu la amayi pambuyo pa bokosi pamene tinawaona Abiti Alli ali m'munda, matope mpaka m'mawondo, khasu m'manja. Atationa anagoneka khasulo pansi, n'kugwada pa kakhoma, mutu atazolika, mpaka bokosi linadutsa. Mayi wina pafupi ndi ine ananong'ona kuti, "Mnzake wa pamtima uja ndi ameneyu?" Nditacheuka ndinawaona atatolanso khasu.

Akuluakulu a mudziwo anawagamula nkhuku, ndipo iwo anakaipereka okha osatsutsa, poti mwambo anauswadi. Ife madzi tinalandira pa tsiku lathu. Kwa ena zinatheka, koma munda wa Abiti Alli, womwe uli pokwera pang'ono, mbali yaikulu inatuluka ngala zoyera. Kumtunda ena anasiya kuwapatsa moni chifukwa cha madzi, kumunsi ena anasiya chifukwa cha maliro. Pamsonkhano wotsatira tinakangana za lamulo lija mpaka njala inatibalalitsa, ndipo mpaka lero silinasinthidwe.

Ndakhala ndikuiganizira nkhaniyi. Ife timakonda kudandaula kuti akuluakulu a m'tauni akalandira chitukuko amayamba athirira kwawo, kuno kumangofika madontho. Timanena zoona. Koma tsiku limene ife tinapezeka kumtunda, anzathu ali kumanda, tinatulukira ndi makasu m'mamawa, lamulo lili pakamwa. Sindikudziwa ngati amene amaononga dziko amasiyana kwenikweni ndi gulu limene linaima pa geti tsiku lija.

Anthu atabalalika pasiwa, Abiti Alli anandipempha kuti ndiwaperekeze kukapepesa. Ndinadabwa kuona kuti akuchita mantha, munthu amene saopa komiti yonse.

Tinapeza bambo Mateyu ali pakhonde. Tinagwada chapatali, n'kupereka mawu a chipepeso.

"Simunabwere, Abiti Alli," anatero a Mateyu.

"Sindinabwere, bambo."

"Amayi a m'mudzi muno ankafunsa kuti malemuwa awasambitse ndani. Tinkayesa mubwera."

Zala za Abiti Alli zinkangopota nsonga ya chitenje.

"Munda wa malemuwa ndi wa kumapeto kwenikweni," a Mateyu anapitiriza. "Zaka zonsezi madzi amathera panjira. Mpungawo anawokera okha, akudwala kale, akuti anawa asadzagone ndi njala. Ine sindinalimbe mtima kukauona. Anafikako madziwo?"

"Anafika dzuwa litapendeka," anatero Abiti Alli. "Ndinakhala pomwepo mpaka unakhuta wonse."

Anadzifunditsa mpango kumaso, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Chiyambire kuwadziwa ndinali ndisanawaonepo akulira, ndipo nanenso misozi inandigwa.

A Mateyu anatembenukira kukhomo, kumene kunaima mwana wawo wamkazi wamkulu.

"Ayalireni mphasa m'nyumbamo mayi anuwa," anatero. "Sanamulire mnzawo."