Tinali Makumi Awiri ndi Atatu, Anatiwerenga Mmodzi

Alamu anga a Sailesi simungawamve akukalipa, n'chifukwa chake ndikukalipa ndine m'malo mwawo. Ine ndine Rahila, ndimagulitsa mpunga pamsika wa pa Boma, ndipo malemu akazi awo, a Mariam, anali achemwali anga a bere limodzi.

A Sailesi anabadwira kwa Malenga Chanzi. Ali mnyamata anayesako usodzi, koma nyanja inkawasanzitsa, mpaka anzawo anatopa nawo n'kuwauza kuti akasake ntchito yapamtunda. Anaipezadi, ya umesenjala pa ofesi ina pa Boma, ndipo anakhalapo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, pa njinga yakuda, atavala kaki. Kumeneko ndiye anatengera khalidwe limene latipwetekali. Mkulu wina wa pa ofesipo anawaphunzitsa kuti munthu waulemu sasokosera bwana ndi timapepala tambirimbiri, nkhani zonse amaziika papepala limodzi mwadongosolo. Iwo anazigwiritsitsa zimenezo. Mpaka lero akamatuma munthu kumsika, mchere, sopo ndi machesi zimakhala pakapepala kamodzi, chilichonse ndi nambala yake m'mbali.

Achemwali anga anali katswiri wa gule wa chioda. Mu 1986, paukwati wina wa kwathu, amalume amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni anakhazika wailesi yawo ya kaseti pampando n'kujambula gule yense. Mawu a achemwali ali m'menemo, akutsogolera nyimbo, ife tikuvomera. Pakati pa nyimbo yachiwiri ndi yachitatu amamveka akuseka, kenako n'kunena kuti, "A Sailesi, tasunthani apo, mukutitchinga." Chithunzi cha achemwaliwo tilibe, chimodzi chimene chinalipo chinadyedwa ndi chiswe. Atamwalira, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, chimene chinatsala ndi kasetiyo basi, ndipo m'mudzi monse munalibenso wailesi yoti n'kuimbira kaseti.

Tsono kuno kuli kawailesi kena ka munthu wabizinesi, dzina sinditchula, akudzidziwa okha. Kanali ndi pologalamu ya nyimbo zakale Lachisanu lililonse 2 koloko masana, woulutsa wake bambo Zangaphee, mphunzitsi wopuma pantchito. Ankatiikira za banjo, za magitala osadziwa magetsi, za malipenga, zimene ife tinakula nazo. Kuofesi kwawoko kunali makina akale oimbira kaseti. A Sailesi anakulunga kaseti ija mumpango wa akazi awo n'kukaipereka m'manja mwa a Zangaphee, ndipo iwo ankaiika Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse. Pamene pali kuseka paja sankadulapo.

Kamvereredwe kathu kanali kotere. Azibambo akatuluka ku Juma, mapemphero a Lachisanu a kumzikiti, tonse tinkakumana pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa a Sailesi. Mabenchi awiri, mikeka itatu, wailesi imodzi pachitsa. Tinalipo anthu makumi awiri ndi atatu, Asilamu ndi Akhristu omwe. Ambiri foni alibe, ndipo amene ali nayo zilembo sakuzionanso. Ndiye moni wathu yense ankasonkhanitsa ndi a Sailesi. Ankafunsa aliyense kuti akufuna kupereka moni kwa ndani, kulemba papepala, kenako kutayipa pakafoni kawo ka mabatani uthenga umodzi wautali, mayina onse ndi manambala m'mbali. A Zangaphee ankauwerenga wonse osadumpha munthu.

Chaka chatha kuwailesiko kunabwera bwana watsopano wa mapologalamu, dzina lake Percy. Iyeyo anafuna kudziwa mapologalamu oti asunge ndi oti achotse, ndiye anati awerenge omvera. Njira yake mukuidziwa? Kuwerenga mauthenga a pafoni amene pologalamu iliyonse yalandira pa mwezi umodzi. Sanalengeze, sanafunse munthu. Ya achinyamata, kumene mtsikana mmodzi amatumiza kakhumi kuti angomva dzina lake, inapeza mazanamazana. Kuchokera pakhomo pa a Sailesi kunapita mauthenga anayi, umodzi pa sabata. Magulu ena a okalamba anzathu, a ku Dwangwa ndi kwina, nawonso amamvera chimodzimodzi, wailesi imodzi, foni imodzi. Abale inu, kuwerenga kwa mtundu wanji kumeneko? Ine ndinalekezera Sitandade 5, koma ndikagulitsa thumba limodzi la mpunga sindinena kuti wadya ndi munthu mmodzi.

Lachisanu loyamba la Novembala, tsiku la achemwali, tinakhala monga mwa masiku onse. Itakwana 2 koloko kunatuluka chiphokoso cha nyimbo zamasiku ano, ndi achinyamata awiri akusekana zopanda mutu. A Sailesi anapotokola uku ndi uku poganiza kuti wina wasuntha siteshoni. Anasintha mabatire. Kenako anaimbira a Zangaphee, ndipo iwo anati anauzidwa Lolemba kuti ntchito yatha, koma ankachita manyazi kutidziwitsa.

Alamu anga, ndi mtima wawo uja, anatenga cholembera kuti alembe kalata imodzi yodandaula m'malo mwa tonse. Ndinawalanda cholemberacho. Ndinati ayi, imodzi imodziyi ndi imene yatipha, tiyeni tonse akatione ndi maso.

Lolemba m'mawa tinapitadi kuwailesiko, tonse makumi awiri ndi atatu, ena pa kabaza, amayi awiri a ndodo tikuwagwiriza. Tinadzaza khonde lonse. Percy anatuluka mwaulemu ndithu, sindingamunamizire, agogo uku, agogo uku. Anabweretsa kompyuta yake n'kutionetsa mzere wa manambala, akufotokoza kuti pologalamu yathu inali pansi penipeni. A Sailesi anaimirira chilili ngati kale kuofesi, manja kumbuyo.

"Bwana, uthengawo unkakhala umodzi chifukwa cha ulemu," anatero. "Eni ake ndi awa, awerengeni."

Percy anatiyang'ana koma sanatiwerenge. Anati akumvetsa, anati zinamukhudza, komano nthawi imeneyo anaipereka kale kwa kampani ina kwa chaka chathunthu, ndipo kampaniyo ikufuna achinyamata. Ndinamufunsa ngati amayi ake samvera wailesi. Anangoseka kachiseko kamanyazi.

Apo a Sailesi anapempha kaseti yawo. Inatuluka m'katoni ina, yopanda mpango uja, ndipo palibe amene anadziwa kumene mpangowo unapita. Anafunsa ngati angaimvereko komaliza pamakina aja. Percy anakanda m'mutu. Anati pokonza ofesi makinawo anawatulutsa kuseri chifukwa ankangodya malo, ndiye mvula ya chizimalupsa inawapeza konko. Nanga nyimbozo munaziikako mukompyuta? Ayi. Pambuyo pake a Zangaphee anandiuza kuti anapempha katatu konse, ndipo katatu konse anayankhidwa kuti chingwe chake palibe. Kuofesi kodzaza zingwe mpaka pansi pa matebulo! Pakhonde paja ndinayankhula mawu amene sindingawabwereze pano, moti alamu anga anachita kundikoka dzanja.

Tinafunsa makina oimbira kaseti pa Boma ponse, osawapeza. Tinakwera minibasi mpaka ku Dwangwa, kumene wokonza mawailesi wina anali nawo amodzi. A Sailesi anati ayambe wayesa ndi kaseti ina. Mwayi wake. Makinawo anaitafuna, tepi inatuluka itapotana ngati matumbo a nkhuku. Alamu anga anabweza yawo m'thumba la malaya, n'kumanga batani, tinabwerako.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'choti iwo sakwiyira Percy. Amadziimba mlandu okha. Amati akanadziwa kuti masiku ano ulemu sauwerenga, akanatumiza mosiyanasiyana.

Mabenchi aja amawatulutsabe Lachisanu lililonse, ndipo ife timapitabe. Wailesi amaitsegula motsitsa. Amavala magalasi awo omanga ndi ulusi n'kuyamba kutayipa, munthu aliyense uthenga wakewake, wopempha kuti nyimbo zakale zibwerere. Ndi zala zawo zaukalamba zija, amayamba atangochoka ku Juma, kumaliza kumzikiti akuitanira swala yamadzulo. Achinyamata a pawailesi aja sanawerengepo ngakhale umodzi.

Sabata yatha ndinakhala pafupi nawo ndikuwawerengera mayina papepala kuti ntchito ifulumire. Titamaliza onse, ndinaona akuyambanso wina.

"Alamu, tilipo makumi awiri ndi atatu, onse apita. Mukubwereza ndani?"

"Sindikubwereza," anayankha osadzutsa mutu. "Achemwali anu nawonso ankakhala nafe pano. Awawerenge."

Ndinawalanda foniyo chifukwa magalasi awo anali atachita nthunzi, dzinalo ndinalitayipa ndine.